Katundu wanu walowa mu supamaketi, koma ndalama ibwera liti?

Mu Malichi 2025 unduna wa zamalonda udalengeza zoletsa kuitanitsa kuchokera kunja zinthu ngati chiponde, uchi, mpunga, mazira, anyezi ndi masoseji, ndipo kuyambira pamenepo anthu ambiri omwe amapanga zinthuzi pakhomo kapena mu kafakitale kakang'ono adaona kuti mwayi uja wafika, mashelefu omwe ankadzaza ndi katundu wa ku South Africa tsopano afuna wathu. Ndipo ndi zoona, mwayi ulipo. Buy Malawi Strategy idakhazikitsidwa kale mu 2016 koma nthawi ino masitolo akufunadi katundu wa konkuno chifukwa ngakhale ndalama zakunja zoti akaodere ku Joni ndi zosowa. Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi choti ambiri akamapita kukakumana ndi wogula katundu wa sitolo, uja timati buyer, amapita ndi funso limodzi lokha m'mutu, loti botolo limodzi andigula zingati. Akamva mtengo wabwino amasaina, amajambula chithunzi katundu ali pa shelefu, amaika pa Facebook, abale onse amayamika Mulungu, kenako pakatha miyezi inayi munthu yemweyo ali ndi ngongole ku banki nkhonde ndipo mtedza woti apange chiponde china alibe.

Mtengo ndi gawo limodzi chabe la mgwirizano, ndipo nthawi zambiri si gawo lomwe limapha bizinesi. Chomwe chimapha ndi tsiku lomwe ndalama ifike m'manja mwanu, yemwe aluze katundu akapanda kugulidwa kapena akaonongeka, komanso timadulidwe tating'onoting'ono tomwe sitolo imachotsa pa invoisi yanu isanakulipireni. Zinthu zitatuzi ndi zomwe muyenera kukambirana mwamphamvu kuposa mtengo.

Tiyambe ndi kumvetsa chifukwa chake sitolo imakhala ndi mphamvu chonchi. Shelefu ndi malo ochepa ndipo ofuna kuikapo katundu ndi ambiri. Buyer wa sitolo yaikulu ngati Chipiku kapena Sana amayezedwa ndi mabwana ake pa zinthu ziwiri, phindu lomwe shelefu ikubweretsa ndi liwiro lomwe katundu akuchokera pa shelefupo. Iye sadana nanu, koma sali pamenepo kuti akuthandizeni kukula, ali pa ntchito. Inu mukachoka m'chipinda chake pakhomo pali wina wa uchi wa ku Nkhata Bay akudikira, pomwe inu sitolo yaikulu ngati imeneyo mumzinda mwanu mwina zilipo ziwiri kapena zitatu basi. Ndiye amene akufuna mnzake kwambiri ndi inu, ndipo iye akudziwa. Koma zimenezi sizikutanthauza kuti mulibe chonena, tifikako.

Pa mtengo pomwepo pali kamsampha ka masamu komwe ambiri amagwamo. Buyer akati ife timafuna 25 pa 100, funsani kuti 25 pa 100 wa chiyani. Tiyerekeze kuti botolo lanu la uchi likagulitsidwa K6,000 pa shelefu. Ngati akuwerengera pa mtengo wa pa shelefu, ndiye kuti iwo atenga K1,500 ndipo inu akupatsani K4,500. Koma ngati akutanthauza kuti aonjezera 25 pa 100 pamwamba pa mtengo wanu, ndiye kuti inu mulandira K4,800 iwo K1,200. Kusiyana kwake ndi K300 pa botolo, zikuoneka zochepa, koma pa mabotolo 500 ndi K150,000, ndalama yoti mukanagula mabotolo opanda kanthu ndi malebulo a oda yotsatira. Musachite manyazi kutulutsa foni ndi kuwerengera pamaso pake. Ndipo musanapite n'komwe dziwani kuti botolo limodzi limakudyerani zingati, kuwerengera zonse, uchi kapena mtedza, botolo, chivindikiro, lebulo, barcode, magetsi kapena mafuta a jenereta, transipoti yokafikitsa ku sitolo, malipiro a bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards (MBS), ndi nthawi yanu yomwe ambiri saiwerengera ngati kuti ndi yaulere. Munthu wosadziwa nambala imeneyi sangadziwe poti akane.

Tsopano nkhani ya masiku, apa ndiye ndikufuna tichedwepo. Masitolo akuluakulu kawirikawiri salipira kashi katundu akafika, amati tikulipirani pakatha masiku 30, ena 45, ena 60. Funso loyamba ndi loti masikuwo ayamba kuwerengedwa liti. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa masiku 30 kuchokera tsiku lomwe mwasiya katundu ndi masiku 30 kuchokera pa sitetimenti ya kumapeto kwa mwezi. Mukapereka katundu pa 2 Juni ndipo iwo amawerengera kuchokera kumapeto kwa mwezi, ndiye kuti masiku 30 aja ayamba pa 30 Juni ndipo ndalama muiona kumapeto kwa Julayi, pafupifupi miyezi iwiri, ndipo apo ndi pomwe zonse zayenda bwino, palibe pepala lasowa, wosaina cheke sanapite ku maliro. Nthawi yonseyi katundu wanu mwina adagulidwa kale sabata yachiwiri, kasitomala adalipira kashi pa tilu, ndalama ili ku akaunti ya sitolo ikugwira ntchito zawo. Kunena mosabisa, inu wamng'ono ndi amene mwakongoza ndalama kampani yaikulu popanda chiwongoladzanja.

Kumaiko komwe mitengo simakwera kwambiri zimenezi zimapiririka. Kuno ayi. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo kukwera mitengo kwa zinthu kunkazungulira cha m'ma 30 pa 100 pachaka mu 2024. Pa liwiro limenelo, K1 miliyoni yomwe mwadikira miyezi iwiri imafika itataya mphamvu ya pafupifupi K45,000. Ndipo ngati mpamba wopangira katunduyo mudautenga ku banki nkhonde komwe chiwongoladzanja chimakhala 10 kapena 20 pa 100 pamwezi, kaya kwa akatapila komwe kuli koopsa kuposa apo, ndiye kuti phindu lonse lomwe mumaliona pa pepala latha kale musanalandire ndi tambala yomwe. Wa chiponde zimamuvuta kawiri chifukwa mtedza umatsika mtengo nthawi yokolola cha mu Meyi ndi Juni, ndiye ngati ndalama yanu yatsekeredwa ku sitolo nthawi imeneyo mukagula mtedza womwewo mu Okutobala mavenda atakweza kale.

Ndiye mungapemphe chiyani? Pemphani masiku ochepa, 7 kapena 14, makamaka pa maoda oyamba omwe amakhala aang'ono, kwa iwo ndalama imeneyo ndi yochepa kwambiri ndipo ena amavomera ngati mwafotokoza bwino. Akakana, apatseni mitengo iwiri, wotsikirako akalipira msanga ndi wokwererako akafuna masiku 45 kapena 60, kuti aone okha kuti kudikira kuli ndi mtengo wake. Kuchotsera 2 kapena 3 pa 100 kuti mulandire ndalama m'sabata imodzi kumakhala kotchipa kusiyana ndi kukongola kwina mukudikira. China chomwe ndimachiona chothandiza kwambiri ndi kugwirizana malire a ngongole, kuti simubweretsa oda yachitatu ngati yoyamba sinalipiridwe. Ambiri amaopa kunena zimenezi poganiza kuti achotsedwa pa shelefu, ndiye amangopereka, kupereka, mpaka sitolo imodzi yasunga mpamba wawo wonse.

Ndipo zimenezi si zongoopseza. Ku Kenya, Nakumatt inali supamaketi yaikulu kwambiri m'chigawo chonse cha kum'mawa kwa Africa, idayamba kulephera kulipira cha mu 2017 ndipo pofika 2020 idathetsedwa ili ndi ngongole ya mabiliyoni ambiri a mashilingi, gawo lalikulu la ngongoleyo linali la anthu operekera katundu. Tuskys, supamaketi inanso ya ku Kenya, idatsatira njira yomweyo. Kuno kwathu PTC, yomwe ambirife tidakula tikuitchula kuti Peoples, idagulitsidwa ndi Press Corporation mu 2022 ndipo pasanapite nthawi masitolo ake adatsekedwa ili ndi ngongole kwa omwe ankaipatsa katundu. Kampani ikagwa chonchi, mabanki omwe ali ndi chikole ndi omwe amayamba kulandira, mayi wa chiponde yemwe ali ndi invoisi yokha m'manja amakhala kumapeto kwa mzere. Kukula kwa dzina la sitolo si chitsimikizo choti mulipidwa. Mukaona masiku olipira ayamba kutalika popanda chifukwa, mashelefu a katundu wa makampani akuluakulu ayamba kukhala opanda kanthu, chepetsani zomwe mukupereka nthawi yomweyo.

Za mapepala ndingodutsapo mwachangu koma musazipeputse. Katundu asatsike m'galimoto popanda oda yolembedwa, ndipo wolandira katundu kuseri kwa sitolo asaine ndi kudinda chidindo pa delivery note yanu, kuwerenga mabotolo inu muli pomwepo. Ofesi ya zachuma imalipira zomwe zili pa pepala lolandirira katundu, osati zomwe manejala adakuuzani pa foni. Mukalandira ndalama yoperewera 3 pa 100 musadabwe, imeneyo ndi withholding tax yomwe sitolo imadula n'kupereka ku MRA, koma itanitsani satifiketi yake ndipo muonetsetse kuti yalembedwa pa TPIN yanu, nambala yanu ija ya msonkho, chifukwa ndi msonkho womwe mwalipiriratu, umadzachotsedwa pa msonkho wanu wa pachaka.

Nkhani ina yaikulu ndi ya katundu wobwerera. Pali kugula kwenikweni, komwe sitolo ikalandira katundu ndi wake, agulidwe asagulidwe. Pali sale or return, komwe zomwe sizinagulidwe amakubwezerani. Ndiye pali consignment, komwe katundu amakhalabe wanu ali pa shelefu yawo ndipo amakulipirani zokhazo zomwe zadutsa pa tilu. Wongoyamba kumene nthawi zambiri amapatsidwa ziwiri zomalizazi, ndipo ine sindinena kuti muzikane nthawi zonse, chifukwa sitolo nayo ili ndi mfundo, katundu wanu sakumudziwa ndipo safuna kutaya ndalama pa chinthu chomwe mwina sichiyenda. Koma ngati chiopsezo chonse chili pa inu, ndiye kuti gawo lawo la phindu liyenera kutsika, sangatenge 30 pa 100 ngati kuti adaikapo ndalama yawo. Ndipo mugwirizane momveka kuti botolo likasweka m'sitolo, likabedwa, kapena makoswe akaboola paketi ya mpunga mu nyumba yawo yosungira katundu, aluza ndani. Katundu ali m'manja mwawo, alonda ndi awo, makamera ndi awo, sizomveka kuti wakuba akaba inu ndi amene mulipire. Pa consignment pemphani kuti muziwerengera limodzi katundu mwezi uliwonse ndipo akupatseni lipoti la zomwe zagulidwa.

Palinso za deti. Gwirizanani kuti akafuna kubweza abweze kudakali miyezi iwiri kapena itatu deti isanathe, kuti mukathe kugulitsa kwina motchipa, osati kukuitanani zitatha kale kuti bwerani mudzatenge zinyalala zanu. Ndipo afotokozereni za katundu wanu. Uchi weniweni umatha kulimba nyengo yozizira, chiponde chopanda mankhwala chimayandamitsa mafuta pamwamba, wantchito wa m'sitolo yemwe sakudziwa amaziika pa mulu wa zoonongeka. Kachiganizo kamodzi pa lebulo ndi kucheza pang'ono ndi anyamata okonza mashelefu kumapulumutsa makatoni angapo. Anyamata amenewa muziwalemekeza, ndi omwe amasankha ngati botolo lanu likhale poonekera kapena pansi kuseri kwa katundu wina.

Tsopano timadulidwe tija. Masitolo ena amafuna ndalama yolowetsera katundu mu kompyuta yawo, ena amafuna rebate, kutanthauza gawo lomwe amachotsa pa zonse zomwe mwagulitsa pamwezi kapena pachaka, ena amafuna muthandizire pulomoshoni, kutsatsa, kutsegulira nthambi yatsopano, kapena mupereke katoni yoyamba yaulere. Chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono, 2 apa, 3 apo, koma mukaphatikiza mupeza kuti mtengo womwe mudagwirizana watsika ndi gawo lalikulu. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Kenya lidalipiritsa kampani ya Majid Al Futtaim, yomwe imayendetsa masitolo a Carrefour kumeneko, chindapusa choposa mashilingi 1.1 biliyoni chifukwa cha marebate omwe inkakakamiza makampani awiri, Pwani Oil ya mafuta ophikira ndi Woodlands, kampani yokonza uchi. Taonani, uchi womwewu. Ku Britain nako, komwe kuli ofesi yapadera yoyang'anira momwe masupamaketi akuluakulu amachitira ndi owapatsa katundu kuyambira 2013, zofufuza zomwe zidatuluka mu Januwale 2016 zidapeza kuti Tesco inkachedwetsa dala malipiro kuti mabuku ake a zachuma aoneke bwino. Ndiye mukaona zikukuchitikirani musaganize kuti ndinu opusa kapena kuti ndi tsoka lanu, ndi khalidwe lomwe limabwera paliponse pomwe wogula ali wamkulu kwambiri kuposa wogulitsa. Funso loti mufunse musanasaine ndi losavuta: bwana, ndikakubweretserani invoisi ya K1 miliyoni, ku akaunti kwanga kulowa zingati ndipo liti? Alembe yankholo. Ndipo mu mgwirizano mukhale mawu oti palibe chodula china chilichonse chomwe simunavomereze polemba.

Pa pulomoshoni samalani kwambiri. Kutsitsa mtengo kwa sabata ziwiri kumatha kuthandiza kuti anthu alawe katundu wanu, koma funsani kuti kutsitsako alipira ndani, ndipo masiku ake alembedwe, kuyambira tsiku lakuti kulekeza lakuti. Apo ayi mtengo wa pulomoshoni umasanduka mtengo wa masiku onse.

Chinthu china chomwe ambiri amaiwala ndi njira yokwezera mtengo. Mgwirizano ukangoti K4,500 basi osanena china, tsiku lomwe mabotolo akwera kapena mafuta a galimoto akwera mudzapeza kuti kusintha mtengo mu kompyuta ya sitolo kumatenga masabata, buyer akuti ndikufunsa kaye ku likulu, uku maoda akubwerabe pa mtengo wakale ndipo mukakana kupereka akuti mwaphwanya mgwirizano. Lembani kuti mtengo uziunikidwa miyezi itatu iliyonse, kapena kuti mukapereka chidziwitso cha masiku 14 mtengo watsopano uyamba kugwira ntchito, makamaka kwacha ikagwa. Popanda mawu amenewa, kwacha ikagwa ngati momwe idachitira mu Novembala 2023 mutha kupezeka mukugulitsa moluza.

Nanga mphamvu yanu ili pati? Choyamba ili pa umboni woti katundu wanu amayenda. Musayambire ku sitolo yaikulu. Yambani ndi magolosale a m'dera lanu, mashopu a pa filling station, malo odyera, maofesi, anthu a pa WhatsApp, zionetsero ngati chija cha ku Chichiri Trade Fair, ndipo muzilemba zonse mu kabuku. Munthu amene akuti shopu yakuti imatenga makatoni asanu mwezi uliwonse ndipo risiti zake ndi izi amalankhula mosiyana ndi amene akuti bwana ndithandizeni ndili ndi ana. Chachiwiri, satifiketi ya Malawi Bureau of Standards, lebulo yoyera yokhala ndi deti ndi barcode, ndipo kwa a chiponde zotsatira zoonetsa kuti mtedza wanu ulibe chuku chija chimabweretsa poizoni wa aflatoxin. Zimenezi zimachotsa zifukwa zomwe buyer amagwiritsa ntchito pokutsitsani mtengo. Chachitatu ndi kukhulupirika, kufikitsa katundu tsiku lomwe mwanena, wofanana ndi wa ulendo watha. Dandaulo lalikulu la masitolo pa ife opanga zinthu a kuno ndi limeneli, ndipo tivomereze kuti nthawi zina amanena zoona, oda yoyamba imabwera yabwino yachiwiri yamadzimadzi yachitatu osabwera n'komwe. Ndiye musalonjeze nthambi khumi pomwe mphamvu yanu ndi ya nthambi ziwiri. Pemphani kuyesa miyezi itatu mu nthambi imodzi kapena ziwiri, kenako mukhalenso pansi ndi manambala.

Koma mphamvu yoposa zonse ndi kukhala ndi kwina kogulitsa. Wogula mmodzi akamatenga katundu wanu woposa theka, amene akulamula bizinesi yanu ndi iyeyo. N'chifukwa chake mukapemphedwa kuti muzigulitsa kwa iwo okha musavomere mwachangu ngakhale zikumveka ngati ulemu. Ngati akufunadi zimenezo, alonjeze polemba kuchuluka kwa katundu yemwe azitenga mwezi uliwonse, ikhale ya nthawi yochepa ngati miyezi isanu ndi umodzi, ndipo isakhudze misika ina monga mashopu aang'ono ndi makasitomala anu a pakhomo. Chimodzimodzinso akati tipangireni koma tiikepo dzina la sitolo yathu, ndalama imabwera koma dzina lomwe likukula si lanu, ndipo mawa akapeza wotchipa amangokusiyani n'kutenga winayo, kasitomala osadziwa kanthu.

Pokambirana penipeni, ulemu wathu uja usakulepheretseni kufunsa. Ambirife tidaleredwa kuti munthu wa mu ofesi sitimutsutsa, ndiye timangoti chabwino bwana, zikomo bwana, kenako kukadandaula kunyumba. Mutha kunena mwaulemu kuti bwana, masiku 60 ine sindingakwanitse chifukwa alimi omwe amandipatsa mtedza ndimawalipira pompopompo, koma mukandipatsa masiku 14 ndikuchotserani 2 pa 100. Musapereke kanthu popanda kulandira kanthu. Akafuna mtengo wotsika, inu pemphani oda yaikulu kapena kulipidwa msanga kapena kuti mukasiye katundu malo amodzi iwo agawe okha ku nthambi zawo. Ndipo musasaine tsiku lomwelo, tengani pepalalo mukawerenge kunyumba, muonetse munthu wodziwa za malamulo kapena mnzanu yemwe adaperekapo katundu ku sitolo yomweyo. Ngati palibe mgwirizano wolembedwa, mukangotuluka lembani imelo kapena uthenga wa pa WhatsApp wobwereza zomwe mwagwirizana, mtengo, masiku, zobwerera, zodula, n'kupempha kuti ayankhe kuti ndi momwemo. Mabuyer amasinthidwa kawirikawiri ndipo wobwerayo sadziwa zomwe mnzake adalonjeza pakamwa.

Ku mbali ya malamulo, tili ndi Competition and Fair Trading Commission, CFTC, ndipo lamulo latsopano la 2024 lomwe lidalowa m'malo mwa lija la 1998 lidaipatsa mphamvu zambiri, kuphatikizapo kuona nkhani za ogula akuluakulu omwe amapondereza owapatsa katundu. Kukadandaula kumeneko kumafuna mapepala, ndiye tabwereranso ku ma delivery note ndi mauthenga aja. Ndikudziwa kuti munthu mmodzi amaopa kudandaula poopa kuchotsedwa pa shelefu, ndipo mantha amenewo ndi omveka. Apa ndi pomwe kukhala m'gulu kumathandiza. NASFAM imaika mpunga wa Kilombero m'masitolo, Mzuzu Coffee imaika khofi wake, ndipo onsewa kumbuyo kwawo kuli alimi ang'onoang'ono ambirimbiri omwe payekhapayekha sakanaloledwa ngakhale kulowa mu ofesi ya buyer. Simukuyenera kufika pa kukula kumeneko kuti mupindule, anthu asanu a uchi kapena chiponde a dera limodzi atha kugawana galimoto yokasiya katundu, kuoda mabotolo limodzi kuti atsike mtengo, ndi kuuzana kuti sitolo iti imalipira pa nthawi yake ndipo iti imazunguza. Musanapereke katoni yoyamba kulikonse, pezani anthu awiri omwe akuperekako kale muwafunse kuti invoisi yawo yomaliza idatenga masiku angati kuti ilipiridwe, ndipo idafika yonse kapena yodulidwa.